Chimene simukuchidziwa musachizimitse: zimene anayankhula wokonza makompyuta pamsonkhano wa eni masteshonale ku Chibavi

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, mwaswera bwanji? Akumbuyoko mukundimva? Mvula ikayamba kugunda malatawa mungokweza mkono ndikweze mawu, pajatu mvula ya ku Mzuzu kuno sichita odi. Ndiyankhula Chichewa poti muno tasakanikirana, a ku Karonga, a ku Nkhata Bay, ena munabwera ndi ntchito kuchokera kumwera. Wofuna kufunsa m'Chitumbuka afunse, timvana.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Mwauona uthenga uja ukuzungulira pagulu lathu la WhatsApp, wakuti mu kompyuta muli kazitape wotchedwa Device Manager, amadzuka yekha mukangoyatsa, amadya bandulo, ndiye muzimuzimitsa. Ena mwautumiza kale kumagulu a kumpingo. Musayang'ane pansi, mayina ndawaona. (kuseka) Uthenga umenewo ndi wabodza, ndipo wapweteketsa kale munthu.

Pali mayi ena ali ndi steshonale cha ku Luwinga uko, dzina sinditchula, mwina ali muno. Kompyuta yawo ndi yakalekale, ya Windows 7, m'mawa imadzuka ngati munthu wodwala malungo. Mwana wa achimwene awo, mnyamata wa Fomu 3, akuti azakhali musadandaule, izi ndi zazing'ono. Anaonera kavidiyo pa YouTube, natsegula chinthu chotchedwa msconfig, napita pa Services, nadina Disable all. Kutacha kompyuta inadzukadi msanga, izo sindikana. Koma pulinta, zii. Kasitomala kubaya fulashi yake, zii. Masipika zii, intaneti zii. Ndipo inali sabata imene ana a ku yunivesite akuthamangitsana ndi maasainimenti, mzere mpaka pakhonde.

Pofika masana nkhani inali itamera nthenga. Ena akuti ndi vairasi yatsopano. Ena akuti ayi, ndi mnzawo wa shopu yoyandikana wachita zamankhwala. Anthu amene amabwerekana tona ndi mapepala anatha masiku atatu osapatsana moni! Kenako kunatulukira mnyamata wina, fulashi ili m'thumba, akuti mayi tingofomata basi. M'menemo muli ma CV a anthu, mapologalamu a maukwati, makalata a mpingo, zithunzi za maliro zoti aike pamabaji. Zonsezo zikanapita. Mwamwayi anandiimbira kaye. Sindinagule kanthu, sindinamasule sikuluu ngakhale imodzi. Ndinangodzutsa zimene mwana anagoneka.

Ndiye mawu anga a lero ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: chimene simukuchidziwa, musachizimitse.

Tiyambe ndi kazitape wanuyo. Device Manager ndi kaundula chabe. Monga a nyakwawa amakhala ndi buku lolembamo mabanja a m'mudzi, Windows nayo ili ndi tsamba loonetsa zipangizo zonse zimene zili pa kompyuta: kiyibodi, mausi, pulinta, khadi la netiweki, masipika, disiki. Tsambalo limatseguka inu mukalitsegula, mukalitseka latsekeka. Silidzuka lokha m'mawa ndipo silidziwa n'komwe mtengo wa bandulo. Ife okonza ndi pamene timayambira. Tikaona kachizindikiro kachikasu pambali pa chipangizo, tadziwa kuti pali vuto. Pakalembedwa Code 28, ndiye kuti chipangizocho chilibe dalaivala. Osati wa minibasi, achimwene, (kuseka) dalaivala ndi kapulogalamu komasulira pakati pa Windows ndi chipangizo.

Amene amadzukadi okha ndi antchito akuseri, Windows imawatcha ma service. Simuwaona pasikirini koma ndi amene akusenza nyumba. Mmodzi mwa iwo dzina lake Plug and Play, ndipo ameneyu ndiye wolandira alendo pageti. Mukabaya fulashi yachilendo, iye amafunsa kuti ndiwe yani, wachokera kuti, umayankhula chilankhulo chanji, kenako n'kuipezera womasulira, n'kuilemba m'kaundula muja. Luso limeneli linafala ndi Windows 95, m'chaka cha 1995. Akuluakulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi amasimba kuti kale kuika khadi latsopano kunali kusuntha timapini ndi zala, ukalakwitsa pang'ono mausi ndi modemu zimalimbirana njira imodzi, tsiku lonse n'kuthera pomwepo. Inu lero mumangobaya n'kuyamba ntchito, mpaka mwaiwala kuti pali wina amene akukugwirirani.

Nditatsegula Device Manager pa kompyuta ya mayi aja, tsamba linali mbee, lopanda chipangizo ngakhale chimodzi. Buku lilipo, wolembamo wathamangitsidwa. Ndipo a Microsoft eni ake analemba pambali pa Plug and Play kuti mukamuimitsa kapena kumuzimitsa, kompyuta siikhazikika. Zalembedwa pomwepo, kungoti sitiwerenga, timangodina. Mwana uja anagonekanso Print Spooler, amene amaika mapepala anu pamzere popita ku pulinta. Steshonale yopanda Print Spooler ili ngati chigayo chopanda lamba. Chimene simukuchidziwa, musachizimitse.

(Bambo wina kumbuyo: "Pepani achimwene ndakudulani. Laputopu yanga ndi ya Windows 10. Dzulo usiku ndinayang'ana, pa Plug and Play palembedwa Manual. Ndiye kuti ana agwiragwira? Ndisinthe ndiike Automatic?")

Ayi bambo, musawakalipire anawo, ndipo musasinthe. Khalani pansi ndikuyankheni bwino, chifukwa funso lanulo ndiye phata la nkhani yonseyi.

Wantchito aliyense mu Windows ali ndi kadzukidwe kake, ndipo mitundu yake ndi inayi. Automatic ali ngati mayi wa mandasi pa depoti, tambala asanalire mbaula wayatsa kale, kaya kasitomala alipo kaya palibe. Pali Automatic wina wotchedwa Delayed Start, ameneyo amadikira kaye kuti piringupiringu wa m'mawa athe, kenako n'kulowa ntchito. Ndiye pali Manual. Anthu ambiri mumaganiza kuti Manual ndiye kuti wazima. Ayi. Manual ndi wakabaza ali pasiteji ya ku Katoto. Sakupalasa, wangokhala panjinga, koma mukangoimba likhweru wafika. Wachinayi ndi Disabled. Ameneyo mwamulanda njinga, mwamutsekera m'nyumba, kiyi mwaponya m'chimbudzi. Windows ikamuitana, sangabwere, ngakhale italira chotani.

Ndiye pa Windows XP ndi Windows 7, Plug and Play anaikidwa pa Automatic, amadzuka pamodzi ndi kompyuta, ndipo pamakina amenewo ayenera kukhala choncho. Pa Windows 10 ndi Windows 11 amabwera ali pa Manual kuchokera kufakitale, Windows imamuitana yokha. Mukayang'anitsitsa pa laputopu yanu bambo, nthawi zambiri mupeza palembedwanso Running. Ali pantchito. Ali ndi anzake awiri, Device Install Service ndi Device Setup Manager, amene tinayamba kuwaona mu Windows 8. Awiriwo amakhala pa Manual ya Trigger Start, kutanthauza kuti chimawadzutsa ndi chochitika, monga kubaya chipangizo chatsopano. Akamaliza amakagonanso okha. Mukawakakamiza kukhala pa Automatic simupindula kanthu, mukawaika pa Disabled mwadziyambira mavuto. Kotero munthu akakufunsani kuti kodi zimenezi ziziyamba kompyuta ikamayaka, yankho lake ndi lakuti zisiyeni mmene eni ake anaziikira. Ya Automatic ikhale Automatic, ya Manual ikhale Manual. Chofunika kuopa ndi Disabled basi.

Ndisanakusiyeni bambo, bodza lija la bandulo lili ndi kachoonadi kakang'ono, ndisabise. Device Setup Manager amatha kupita pa intaneti kukatenga mapulogalamu a chipangizo chatsopano, monga pulinta imene mwangoigula. Koma zimenezo ndi za apo ndi apo. Chimene chimakolopa bandulo yanu mukalumikiza laputopu ku foni kawirikawiri ndi Windows Update, ndipo mankhwala ake si kupha antchito. Pitani pa netiweki imene mwalumikizayo, muyatse Metered connection. Mwaiuza Windows kuti kuno data timagula ndi thukuta, ichepetse dyera. Mwamva bambo? Yewo.

Aphunzitsi amene kusukulu kwanu kuli makompyuta a Ubuntu m'malo mwa Windows, kwanuko wolandira alendoyo dzina lake udev, ndipo ameneyo amadzuka koyambirira kwenikweni nthawi zonse. Osamukhudza n'komwe.

Komanso musasokoneze ndi timapulogalamu timene timabwera ndi madongo a intaneti, mafoni kapena mapulinta, tina tili ndi mayina ofananako ndi amenewa. Timeneto si ta Windows, ndi alendo ongobwera kudzakhala. Timakonda kudziika patsogolo m'mawa uliwonse, ndipo tambiri mutha kutiletsa popanda vuto. Koma ngati simukutsimikiza kuti ndi kati, funsani. Safunsa anadya phula.

Tsopano pang'ono ndikudzudzuleni, musakwiye. Mumati kompyuta ikuchedwa. Ichedwa bwanji osachedwa? Ndimalowa m'mashopu mwanu, ndimaona. Anyamata obena nyimbo, pa kompyuta imodzi mwaikapo mapulogalamu asanu osewerera mavidiyo, onse akulimbirana kudzuka nthawi imodzi. Ma antivirus awiri, akumenyana okhaokha ngati atambala m'khola limodzi. RAM, memore imene kompyuta imagwirira ntchito, ndi 2 GB, mukufuna ithamange ngati ya ku banki. Ina ndinaitsegula ku Mchengautuwa, fumbi la m'kati mukanadzalamo chinangwa, fani itasiya kuzungulira kalekale. Pamwamba pake wina anaikapo kapu ya tiyi, akuti pakutentha bwino tiyi asazizire. (kuseka) Zoona izi. Ndiye magetsi akathima ntchito ili m'kati, disiki imavulala pang'onopang'ono, inu osagula ka UPS, kabatire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, koma ndalama ya masipika akuluakulu ilipo. Mukafuna liwiro lenileni, chotsani disiki yakale yozungulira ija muike SSD, disiki yamakono yosazungulira, muwonjezere RAM ifike 4 GB kapena 8 GB ngati makinawo alola. Kumeneko ndiye kuli mankhwala. Ma service amene mwana uja anapha sanali olemera n'komwe.

Ndipo inu a Windows 7, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020. Ndikudziwa matumba athu, sindikunena kuti mawa mukataye, koma musamalowere nayo ku akaunti ya ku banki. Inu a Windows 10 ndi 11, batani lija la Disable all kwa inu ndi loopsa koposa. Likhoza kugoneka antchito amene amatsimikiza PIN yanu, mawa lake kompyuta n'kukukanani pakhomo, mwini wake muli chilili. Chimene simukuchidziwa, musachizimitse. Ndanena kangati? Kachitatu? Chabwino.

Ndikuona amayi apakona ayamba kumanga zitenje, ndipo ena maso ali pafoni. Ndithamange ndi zoti mukachite, lembani msanga.

Musanagwire chilichonse, koperani mafayilo a makasitomala pa fulashi kapena disiki ina, ndipo pangani restore point kuti zikavuta mubwerere. Mukafuna kuchepetsa zodzuka m'mawa pa Windows 10 kapena 11, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mupite pa Startup. Pamenepo ndiye pabwalo panu, letsani timapulogalamu timene mukutidziwa, yambani ndi tolembedwa High. Pa Windows 7 ndi mu msconfig momwemo, koma pa Startup, osati pa Services. Ngati mwafikabe pa Services, chongani kaye kabokosi kapansi kolembedwa Hide all Microsoft services, kenako muzimitse chimodzi chimodzi, mukulemba m'kope chimene mwazimitsa. Chimodzi chimodzi, osati zonse.

Ngati mwana wachita kale zake, fulashi sikuoneka, Device Manager ili mbee: batani la Windows ndi R, lembani msconfig, sankhani Normal startup, zimitsani n'kuyatsanso. Zikakanika, Windows ndi R kachiwiri, lembani services.msc, fufuzani Plug and Play. Akakhala pa Disabled, pa Windows 7 muike Automatic, pa 10 ndi 11 muike Manual. Muonenso Print Spooler, ameneyo ndi Automatic. Ikakana kukulowetsani, pa Windows 7 ndi F8 ikamayaka, pa zatsopanozi gwirani Shift mukudina Restart, mufufuze Safe Mode kapena System Restore. Pamenepo zikakuzungulirani mutu, ingoisiyani choncho muitane munthu, osalola aliyense afomate mafayilo asanatuluke.

Uthenga wa pa WhatsApp uja mukaufufute, ndipo kumene munautumiza mukalembe kuti zinali zolakwika. Mayi aja ndi mnzawo wa shopu yoyandikana ndamva ayambanso kubwerekana tona.

Eya, mvula ija ndi iyo yayamba. A tcheyamani akundikodola kuti a kwaya akudikira holoyi panja, anyowa. Amene mwabwera ndi malaputopu tipezane pakhonde kumbali ya kuchitsimeko, ndiziona imodzi imodzi, koma ya tiyi ija sindigwiranso.