AC yatsopano ku America: 30 peresenti ija ndi madola angati kwenikweni?

Moni nonse, makamaka inu a ku Texas ndi Arizona amene AC ikangofa mu July simugona. Lero tikamba za kuchotseredwa msonkho kumene kunalipo mpaka kumapeto kwa 2025 mukaika AC yosadya magetsi ambiri. Dinani kaye subscribe, tipite.

Choyamba, mwachangu. Lamulo la Inflation Reduction Act la 2022 linalola kuti 30 peresenti ya mtengo wa makina ndi ya wokuikirani ichotsedwe pa msonkho wanu. Mumalemba pa Form 5695 ya IRS, bungwe la boma lotolera misonkho. Nyumba inkafunika kukhala yakale imene mukukhalamo, osati yongomangidwa kumene.

Chachiwiri, tsiku. Lamulo limene Trump anasaina pa 4 July 2025 linatseka mwayiwu pa 31 December 2025. Ngati makina anaikidwa mu 2026, palibe kanthu. Ngati munaika kale koma munaiwala kulemba, Form 1040-X ilipo yokonzera.

Chachitatu, ndipo apa ndiye mtima wanga umawira. Wogulitsa ankafika ndi tabuleti yake, kumwetulira, n'kunena kuti "boma likubwezerani 30 peresenti." Bodza la mkunkhuniza! Tiwerengere limodzi. AC yanu yadya madola 9,000. 30 peresenti yake ndi 2,700, eti? Koma pa central AC, yoziziritsa nyumba yonse, malire anali madola 600 basi. Pa heat pump, makina oziziritsa ndi kutenthetsa nyumba, malire ake ankafika 2,000. Ameneyo anakuuzani zimenezi? Lembani mu ndemanga, ndikufuna ndimve.

Sizinathe. Palibe cheke chimene boma limakutumizirani ngati mphatso. Ndalamayi imangochepetsa msonkho wanu wa chaka chimene munaika makinawo. Ngati msonkho wanu wonse unali madola 400, mupeza 400, ndipo 200 yotsalayo yapita, siyidikira chaka chamawa. Koma musasokoneze apa abale: tikunena msonkho wa chaka chonse, kuphatikizapo umene abwana anu ankadula pa malipiro. Ndiye ngati anakudulani wambiri, refund yanu ikhoza kukwera ndithu. Ndipo si AC iliyonse yolembedwa kuti yosunga magetsi imene inkalowa. Mu 2025 ya split system, yokhala ndi gawo lam'nyumba ndi lapanja, inkafunika SEER2 yosachepera 17 ndi EER2 yosachepera 12 (miyeso ya mmene AC imasungira magetsi), komanso nambala ya wopanga makinawo pa fomu. Fufuzani pepala la makina anu, manambalawo ali pamenepo.

Mwa njira, ulalo wa vidiyo yathu ya mafomu a msonkho uli m'munsimu.

Chachinayi, ma rebate, ndalama zokuchotserani kapena kukubwezerani pa mtengo wa makina. Awa ndi ena. Amachokera ku kampani yanu ya magetsi kapena ku state yanu, ndipo pulogalamu ya boma yothandiza kugula makina a magetsi a m'nyumba yotchedwa HEAR imafika madola 8,000 pa heat pump kwa mabanja opeza zochepa, m'ma state amene anaiyambitsa. Imbani foni musanagule, chifukwa ena amafuna kuti wokuikirani akhale pa mndandanda wawo.

Sabata yamawa tikamba za heat pump m'chisanu cha ku Indiana. Dinani kabelu.