Mawu a M'mawa: Madontho Khumi pa Mbale

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? M'mawa uno tilingalire Eksodo 13:8, pamene Mose analamula Aisraeli kuti pa chikondwerero cha Pasaka kholo lizifotokozera mwana wake zimene Yehova anawachitira powatulutsa mu ukapolo ku Ejipito.

Ndili pa yunivesite ku Britain zaka zingapo zapitazo, ophunzira anzanga Achiyuda anandiitana ku mgonero wawo wa Pasaka, umene iwo amautcha Seder. Pagome panali mkate wopanda chotupitsa wotchedwa matzah, wopyapyala ndi wouma, panalinso muzu wowawa wokumbutsa ukapolo, ndi kambale ka madzi a mchere oimira misozi. Wamng'ono kuposa onse anaimirira n'kufunsa, monga mwa mwambo wawo, chifukwa chimene usiku umenewo uli wosiyana ndi usiku wina uliwonse, ndipo nkhani yonse ya Eksodo inakambidwa ngati yankho kwa iye.

Pafupi nane panakhala agogo aakazi amene anabadwira ku Hungary. Anali mtsikana mu 1944, pamene Ayuda oposa 400,000 a m'dzikolo anatengedwa pa sitima za pamtunda m'masabata ochepa chabe, ambiri mwa iwo kupita ku Auschwitz, msasa wozunzirako ndi kupherako anthu ku Poland, kumene unyinji unaphedwa tsiku lofika lomwelo. Asilikali a Soviet Union anamasula msasawo pa 27 January 1945, koma nkhondo isanathe n'kuti Ayuda pafupifupi 6 miliyoni ataphedwa ndi chipani cha Nazi cha Hitler ku Germany ndi ochithandiza. Agogowo atakweza mkono kuti anyeme mkate, ndinaona nambala imene anawadinda pakhungu ku msasawo, itafufutika ndi ukalamba koma ikuwerengekabe, ndipo ndinasowa poyang'ana.

Chimene sichichoka mumtima mwanga ndi nthawi yotchula miliri khumi. Potchula mliri uliwonse, kuyambira magazi, achule, mpaka dzombe, mdima ndi imfa ya ana oyamba kubadwa, munthu aliyense amaviika chala m'chikho cha vinyo n'kudontheza dontho limodzi pambale. Anandifotokozera kuti ambiri amamva mwambowu chonchi: chikho cha chimwemwe chiyenera kuchepako chifukwa ufulu wawo unadza pamene Aejipito, amenenso ndi zolengedwa za Mulungu, anali kulira maliro. Miyambo 24:17 imatichenjezanso kuti tisakondwere mdani wathu akagwa.

Ndinayang'ana agogo aja. Dzanja lawo linali kunjenjemera, koma sanadumphe mliri ngakhale umodzi. Sindikunena kuti anaiwala kapena kuti bala lawo linapola, pakuti pofika pa abale awo amene sanabwerere, mawu anawathera ndipo tonse tinakhala chete nawo. Koma munthu amene anaona nkhanza zoposa zonse anali kuchepetsabe chimwemwe chake pokumbukira imfa ya ozunza makolo ake, pamene ine ndinali nditasunga kwa zaka ziwiri mkwiyo pa m'bale wanga chifukwa cha mawu amene anandiyankhula pa maliro, ndipo atagwa m'mavuto mtima wanga unakondwera mobisa.

Mgonero utatha agogo aja anandigwira dzanja n'kundifunsa za kwathu, za amayi anga ndi zimene timadya pa Pasaka, ndipo ndinawauza za nsima, nkhuku ndi mapemphero a mbandakucha. Ndinabwerera ku hostel pakati pa usiku, ndipo kutacha ndinaimbira foni m'bale wanga uja.