Voice note kwa alamu ku Katoto: za eyakoni, hita ndi mbaula ija

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko, ine ndidakali kuno ku Karonga ntchito yachuluka ndiye kubwera ku Mzuzu ndi sabata ya mawa, koma ndamva uthenga wanu uja woti ana akudandaula kuzizira usiku ndiye ndati ndingokujambulirani, mumvetsere mpaka kumapeto ngakhale italike. Inu mwazolowera ku Nchalo, eee, Mzuzu si Nchalo ayi. Apa ndi May chabe, dikirani June ndi July muone chifunga chija cha m'mawa ndi kamvula kowaza kosatha kaja, zovala pa chingwe masiku awiri osauma.

Ndiyambe ndi mbaula chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa, mwati dzulo munailowetsa kuchipinda kwa ana mpaka anagona. Chonde alamu, ndikupempha, zimenezo zithere dzulo lomwelo. Anthu ambiri amati makala akangofiira utsi nkutha ndiye kuti basi palibe vuto, koma mpweya umene umapha munthu si utsi umene mumauona uja ayi, ndi wina, amati carbon monoxide, ulibe fungo ulibe mtundu, sutsokomoletsa, ndipo umatulukabe ngakhale makala atafiira psuu, makamaka mukatseka mawindo ndi chitseko mpweya wabwino nkuchepa m'chipindamo. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, thupi kufooka, kenako tulo, ndipo amene wagona kale samva chilichonse, amangopitirira. Ndiye othani mbaulayo pa khonde kapena pa balaza windo lili lotsegula, nthawi yogona ikakwana itulutseni panja, osati kuisiya mu kolido ayi, panja penipeni. Tsiku lina mukadzaona anthu awiri atatu m'nyumba onse akudandaula mutu nthawi imodzi mbaula ili mkati, tsegulani zonse, atulutseni panja, amene akuoneka wofooka kapena sakuyankha bwino thamangani naye ku chipatala cha Mzuzu Central, musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka, mkaka suchotsa mpweya umenewu m'magazi.

Tsopano hita mwagula ija. Muitembenuze kumbuyo kapena pansi pali kapepala, muona palembedwa mwina 2000W. Tanthauzo lake ndi loti ikayaka ola limodzi pa mphamvu yonse yadya mayunitsi 2, maola 5 madzulo alionse ndi mayunitsi 10, pa mwezi 300, ndiye musadzadabwe mita ikamalira pakati pa mwezi, siinaonongeke. Koma nkhani yaikulu ndi pomwe mukuilumikiza. Pulagi yathu ya mano atatu ija mkati muli fyuzi ya 13A, pa magetsi athu a 230 volts ndiye kuti malire ake ndi pafupifupi 3000W basi. Hita yokha yatenga kale 2000, mukaonjezera ketulo kapena simbi pa ekistenshoni yomweyo mwadutsa. Ndipo ma ekistenshoni otchipa a mu msika aja waya wake mkati ndi woonda ngati ulusi, amatentha, pulasitiki nkusungunuka, moto umayambira pamenepo anthu ali mtulo. Hita ilowe pa soketi ya pakhoma mwachindunji, yokha. Ikayaka kwa mphindi 20 gwirani pulagi ndi dzanja, kufunda pang'ono palibe kanthu, koma ikamaotcha kapena mukaona soketi yada m'mbali mwa mabowo, kapena kafungo ka pulasitiki, zimitsani, ndidzasintha ndikabwera. Fyuzi ikapsa mugule ina, zomanga ndi kawaya kapena pepala la siliva ayi. Italikirane mita imodzi ndi makatani, bedi, makamaka neti ya udzudzu, neti imayaka mwachangu zedi. Ndipo yunifolomu ya ana musayanike pamwamba pa hita ngakhale isaume bwanji, ikani pa mpando chapatali.

Koma pali china chimene mwina simukudziwa, eyakoni mwaipeza m'nyumbamo ija mwina imatha kufunditsanso. Anthu kuno amaiona ngati ya nthawi yotentha yokha, October November, nyengo yozizira amaiphimba ndi chitenje nkukagula hita. Tengani rimoti, ikani mabatire atsopano, dinani MODE mpaka pa sikirini paoneke kadzuwa. Kachizindikiro kooneka ngati kanyenyezi ka ayezi ndi kozizira, kadontho ka madzi ndi koumitsa chinyezi, kadzuwa ndiye kofunditsa. Ikani pa 23 kapena 24, osati 30, kukweza nambala sikufulumizitsa kanthu kumangodya magetsi. Ndiye mudikire, mphindi zitatu mpaka zisanu imakhala ziii ngati yafa, siinafe, ikudikira kuti mkati mwake mufunde kaye isanayambe kupemerera. Mapiko a potulukira mpweya aja muwalozetse pansi chifukwa mpweya wofunda umathawira kudenga. Ubwino wake ndi woti eyakoni sipanga kutentha ndi element, kachitsulo kotentha ndi magetsi kaja, ngati hita, imangotenga kutentha kwa mpweya wa panja nkulowetsa mkati, ndiye ya 12000 BTU, umenewu ndi muyeso wa mphamvu ya eyakoni, imadya yuniti imodzi ndi pang'ono pa ola koma imafunditsa kuposa hita ya mayunitsi awiri ija. Kungoti si zonse zili ndi mbali imeneyi, zina ndi zoziziritsa zokha ngakhale rimoti ionetse kadzuwa, ndiye mujambule kapepala kali m'mbali mwa ya pakhomayo munditumizire, pakalembedwa heating capacity ndiye kuti tili bwino. Ikamafunditsa mukaona madzi akudontha pa makina a panja aja musadandaule, ndi momwe imagwirira.

Musanaiyatse komabe itsukeni, nyumbayo yakhala miyezi yopanda munthu. Zimitsani pa switch ya pakhoma kaye. Kwezani chivundikiro cha kutsogolo ndi manja awiri, muona masefa awiri ngati neti, asololeni pang'onopang'ono, tsukani ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi kasopo, burashi yolimba ayi imang'amba, yanikani pa mthunzi aume gwaa ndiye mubwezere. Mukabwezera anyowa, ndi chinyezi cha Mzuzu chino, mkati mumamera chuku nyumba yonse nkumanunkha, mwana wa chifuwa ndiye amavutika. Muzichita zimenezi mwezi ulionse, nthawi ya fumbi masabata awiri alionse. Tizitsulo topyapyala tasiliva tili kuseri kwa masefa tija musatigwire, timapindika komanso timacheka chala.

Panja napo pitani mukaone. Makina a panja amafuna mpweya uzidutsa, ndiye udzu, masamba, matumba a makala amene anthu amakonda kutsamiritsa pamenepo, chotsani. Mavu amakonda kumanga m'menemo, ndipo analimata amalowa mu bolodi ya magetsi nkupsera momwemo bolodi nkufa, koma chivundikiro cha mbali ya magetsi musatsegule inu, muli capacitor imene imasunga magetsi ngakhale mwazimitsa, imamenya. Onaninso kapaipi kotulutsa madzi, kakatsekeka ndi matope kapena tizilombo ndi pamene eyakoni imayamba kudonthezera pakhoma m'nyumba nthawi yotentha.

Za gasi ndinene pano chifukwa ndikudziwa wina adzakuuzani. Gasi wa mu eyakoni sakutha ngati wophikira, amangozungulira m'mapaipi momwemo zaka ndi zaka. Akachepa ndiye kuti penapake pakutuluka, kawirikawiri pa ma nati olumikizira mapaipi panja paja, mudzaona pali mafuta mafuta pamata fumbi, kapena paipi yaing'ono yagwira ayezi. Mmisiri akangobwera ndi silinda nkuthira osafufuza pomwe pakutuluka, miyezi iwiri itatu mudzamuitananso nkulipiranso. Muzimufunsa kuti mwapeza pati, ndionetseni. Komanso magasi ndi osiyana, pali R22 wa makina akale, R410A, ndi R32 wa atsopanowa, palembedwa pa makina a panja, sasakanizidwa, kusakaniza kumapha kompuresa ndipo kompuresa ndiye mtima wake, mtengo wake mungolira.

Magetsi akathima zimitsani eyakoni pakhoma, akabwera dikirani mphindi zisanu muone kuti akhazikika, mababu sakuphethira, ndiye muyatse. Ngati palibe ka guard koteteza kaja pakhoma ndidzabwera nako, mtundu womwe uja timaika pa filiji koma kamphamvu kokwanira eyakoni.

Giza ndingodutsapo, thermostat, kachipangizo kowongolera katenthedwe ka madzi, ikhale pa madigiri 60, osaposa, ndipo ngati mapaipi a madzi otentha ali pamtunda osakutidwa tidzawakuta. Madzi akasiya kutentha osathamangira kugula giza yatsopano, nthawi zambiri ndi element kapena thermostat basi.

China chotchipa chimene chimathandiza kwambiri, nyumba zambiri kuno kuzizira kumalowera pansi pa chitseko ndi m'ma louvre osatsekeka bwino aja, ndiye pindani chiguduli kapena thaulo lakale muike pansi pa chitseko, makatani tsekani dzuwa likangolowa kusanazizire, masana tsegulani dzuwa lilowe m'nyumba. Pansi pa simenti kuchipinda kwa ana yalani mkeka kapena kalapeti, muwaonjezere bulangete ndi masokosi, usiku wa lero agone choncho, mbaula panja, hita muizimitse akangogona.

Chithunzi cha kapepala kaja munditumizire lero lomwe, ndi cha soketi imene mukulumikizapo hita, ndione ngati ndikufunika kugula soketi yatsopano ndisananyamuke kuno. Mundiperekere moni kwa achemwali ndi ana.