Makolo akatuluka m'chipatala atadwala sitiroko

Zikomo agulupu, mafumu, amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, chifukwa zina ndichita kukuonetsani ndi manja.

Nkhani yathu ndi ya sitiroko, matenda amene ambiri timangoti kufa ziwalo. Kaya ndi ku Queens, ku Central ku Lilongwe kapena pachipatala cha boma lathu lino, wodwala sakhalitsako. Pakapita masiku angapo amakuuzani kuti atengeni, akapitirize kunyumba. Ndipo ambiri amene timawataya pambuyo pake samwalira ndi sitiroko ija ayi. Amapita ndi chibayo, zilonda za pabedi, kugwa, kapena sitiroko yachiwiri. Zinayi zonsezi zimayambira pakhomo, m'manja mwa anthu owakonda.

Choyamba timvane kuti vuto lili pati. Dzanja lalendewera, mwendo ukukokedwa, koma chilonda chili mu ubongo. Mtsempha wopita ndi magazi kumeneko watsekeka, kapena waphulika, ndipo kachigawo ka ubongo kafa. Ubongo wa kumanzere umayendetsa thupi la kumanja, wa kumanja umayendetsa la kumanzere. Ndikudziwa kuti kumudzi kuno timati agogo amenyedwa hamala usiku. Sindibwera kudzakangana ndi munthu, koma taganizani: mphini zotemedwa pamkono zikafika bwanji m'mutu? Chimene chimamenya anthu athu ambiri achikulire ndi BP yokwera imene yakhala zaka osayezedwa. Ena shuga, ena fodya ndi kachasu.

Tiyambe ndi kudya, pakuti apa mpamene pamafera anthu mwakachetechete. Sitiroko imafooketsanso minofu ya pakhosi. Munthu wabwinobwino akameza, njira ya mpweya imatsekeka yokha. Kwa wodwalayu imachedwa kutseka, ndiye chakudya kapena madzi zimalowera ku mapapo. Pakapita masiku awiri atatu thupi latentha, akupuma mofulumira, chibayo chayamba. Chodabwitsa n'chakuti madzi ndi tiyi, zimene ife timaziona ngati zosavuta, ndi zimene zimatsamwitsa kwambiri, chifukwa zimathamanga kuposa khosi lawo. Phala lolimbirako limatsika pang'onopang'ono, khosi limapeza mpata.

Ndiye musawadyetse atagona, ngakhale supuni imodzi. Akhazikeni tsonga, msana wowongoka, mwawatsamiritsa kukhoma ndi mapilo kapena bulangete lopinda. Mutu usagadamire kumbuyo, chibwano chiwerame pang'ono. Gwiritsani supuni yaing'ono ya tiyi, muziika chakudya mbali ya kamwa imene ili yamphamvu, ndipo dikirani muone pakhosi pakwera n'kutsika musanapatse china. Osawachezetsa ali ndi chakudya m'kamwa, wailesi itsekedwe. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro zosefa bwino, nthochi yokanya, mapeyala, maungu, mbatata yokanya, nsima yofewa yonyowetsedwa bwino ndi msuzi wa nyemba zosipa, zimenezo zimayenda. Chimanga chokazinga, mtedza, mpunga womwazika, usipa wa minga, ndiponso buledi woviika mu tiyi wambiri, ziyambe zadikira.

Muzimvetsera. Akatsokomola nthawi iliyonse akameza, maso akalengeza misozi, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, imani kaye. Akatha kudya tsegulani kukamwa muyang'ane tsaya lakufalo, chifukwa chakudya chimabisala mmenemo iwo osamva, n'kudzatsika atagona. Pukutani ndi kansalu koyera, tsukani mano m'mawa ndi madzulo, ndipo akhale chikhalire mphindi 30 asanagone. Ngati chilichonse chikukana kutsika, musakakamize. Bwererani kuchipatala, kuli kapaipi kodyetsera kodzera m'mphuno.

Pali chinyengo china chimene osamalira amachita chifukwa chotopa ndi kuchapa: kuwamana madzi kuti asamakodzedwe. Ndikumvetsa, sopo wadula, chitsime chili kutali. Koma munthu wosamwa amadzimbidwa, amadwala chikhodzodzo, mutu umasokonezeka. Muziyang'ana mkodzo. Ukakhala wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, akufunika madzi. Apatseni pang'onopang'ono ndi supuni usana wonse, madzulo n'kumachepetsako.

Tsopano khungu. Achimwene inu mwavala malaya oyerawo, tabwerani mugone pamphasapa, mukhale wodwala wathu. Amayi, ndibwerekeni chitenje. Munthu akagona mbali imodzi osatembenuka, fupa limapanikiza mnofu, magazi amaleka kufikapo, mnofu umafa kuyambira mkati. Malo ake ndi awa ndikugwirawa: kunsi kwa msana pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene, akakolo, zigongono ndi mapewa. Mabuku amati muziyang'ana pofiira, koma pakhungu lathu lakudali kufiira sikuoneka msanga. Inu muziyang'ana malo amene adetsa kuposa pozungulira, onyezimira, otentha kapena olimba mukakhudza. Mukapapeza musapatikite, mumangowonjezera kuvulala. Chotsanipo kulemera basi, asagonerenso pamenepo mpaka pabwerere.

Muziwatembenuza pa maola 2 alionse. Onani chitenjechi. Mwachipinda pawiri, mwachiyala pansi pawo kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu. Anthu awiri, wina uku wina uku, mwagwira pafupi ndi thupi, mwanyamula pang'ono n'kusuntha. Simukuwakhwekhwereza, chifukwa kukoka pamphasa kumasupula khungu la munthu wokalamba ngati tsamba louma. Kenako pindani bondo ili, dzanja lanu limodzi pachiuno lina kuseri kwa phewa, n'kuwagubuduzira kwa inu. Pilo pakati pa mawondo. Pilo wina pansi pa mkono wakufawo kuti usalendewere. Akagona chagada, ikani nsalu yopinda pansi pa miyendo kuti zidendene zikhale m'malere. Kugonera mbali yakufayo n'kololedwa, bola mwaturutsira phewalo kutsogolo kuti asaligonere. Ngati mwayala pulasitiki kuteteza matiresi, pamwamba pake pakhale nsalu youma yopanda makwinya, ndipo ikanyowa isinthidwe nthawi yomweyo. Mkodzo umadya khungu.

Achimwene, tandipatsani mkono. Mukuona mmene ambirife timadzutsira munthu, kumugwira dzanja n'kukoka? Kapena kumupisa m'khwapa n'kunyamula? Kwa wa sitiroko musayerekeze. Phewa limagwiridwa ndi minofu, ndipo minofuyo ikafooka fupa la mkono limatsika kuchoka m'malo mwake, mpaka chala chanu chimatha kulowa pampatapo. Ululu wake umakhala miyezi, ndipo munthu wa phewa lopweteka amakana mafizo onse. Akakhala pampando, mkonowo ukhale pa pilo pamiyendo kapena patebulo. Tsiku lililonse, kawiri kapena katatu, gwirani chigongono ndi dzanja, muwongole ndi kupinda modekha maulendo 10, zala muzitambasule chimodzichimodzi, phazi mulipindire m'mwamba. Pakapweteka imani. Mukasiya osachita, mfundo zimauma, dzanja limafumbata mpaka zikhadabo kulowa m'chikhatho.

China, mbali yakufayo nthawi zambiri simva kutentha. Chizolowezi chathu chothowa ndi madzi otentha chawotcha anthu ambiri. Madzi osamba muziyamba mwayesa ndi chigongono chanu, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni mbaula ikhale patali ndi mwendo umenewo.

Khalani pansi achimwene, zikomo. Tsopano ndinene mawu amene ena sakondwera nawo. Ulemu wathu umapha ziwalo. Amayi akadwala timati asagwire kanthu, tiwadyetsa, tiwaveka, tiwanyamula. Koma ubongo umaphunziranso pokhapokha ukamagwiritsidwa ntchito, ndipo kuchira kwambiri kumachitika m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira. Miyezi imeneyo ikathera pamphasa m'chipinda chamdima, kuibweza n'kovuta. Chimene angathe okha achite okha, ngakhale batani limodzi litenge mphindi 5 inu mtima ukuwawa poonerera. Povala, mkono wofooka ndiwo uyambe kulowa m'malaya. Povula, wamphamvu uyambe kutuluka. Atulutseni pakhonde aone anthu, apatseni lichero asankhe nyemba, atongole chimanga, dzanja lofookalo lizigwirako chitsononkho.

Poimirira, akhale kumapeto kwa mpando wolimba, mapazi onse afike pansi, abwerere pang'ono kumbuyo kwa mawondo. Mangani chitenje m'chiuno mwawo ngati lamba, ndicho chogwirira chanu. Inu muime mbali yofookayo, bondo lanu litchinge bondo lawo kuti lisapinde mwadzidzidzi. Awerame kutsogolo, n'kudzuka. Aime kaye pang'ono chizungulire chithe. Ndodo igwiridwe ndi dzanja lamphamvu. Pokwera sitepe ya pakhonde uyambe mwendo wamphamvu, potsika uyambe wofooka. Masilipasi otayirira achoke, avale nsapato yogwira chidendene. Kudzuka kuchokera pansi n'kovuta kwambiri, ndiye ngati pabanja pali bedi limodzi, likhale lawo. Nacho chimbudzi chathu chonjuta n'chimene chimagwetsa ambiri, makamaka usiku. Pitani kwa kalipentala aboole mpando wamatabwa pakati, pansi muziika chidebe, kapena muziukhazika pabowo lachimbudzi. Muziwaperekeza pa nthawi zoikika, m'mawa, akatha kudya ndi asanagone, osadikira kuti apemphe.

Mayi uko mwakweza dzanja. Mwati bambo anu amangonena mawu amodzimodzi, nthawi zina kutukwana kumene, kodi apenga? Ayi mayi, sanapenge. Zimenezo zimachitika kwambiri kwa amene afa mbali ya kumanja, chifukwa mawu amakhala ku ubongo wa kumanzere. Nzeru zilimo, chimene akufuna akuchidziwa, koma mawu akusowa njira. Musawakuwire, si ogontha. Musawalankhule ngati mwana, ndipo musakambe za iwo pamaso pawo ngati palibe. Funsani funso limodzi lalifupi loyankha inde kapena ayi, muwaonetse chinthucho, kapu kapena bulangete, n'kudikira. Yesaninso nyimbo za kutchalitchi zimene amazidziwa, ena amene sangathe kulankhula amatha kuimba. Amene afa kumanzere ali ndi lawo vuto: ena amaiwaliratu kuti mbali imeneyo iliko, amadya theka la mbale, amagunda chitseko. Muziwakumbutsa kutembenuza mutu. Kulira kapena kuseka popanda chifukwa n'kwa matenda omwewa. Koma mukaona akukana kudya, sakugona, akunena kuti bola kufa, kauzeni adokotala. Kukhumudwa kotere n'kofala pambuyo pa sitiroko ndipo kuli ndi chithandizo.

Za mankhwala ndinene mwachidule. A BP ndi a moyo wonse. Si a malungo oti mukamaliza mwachira. BP ikatsika ndiye kuti mankhwala akugwira, si kuti matenda atha. Tikufuna izikhala pansi pa 140 ndi 90. Tsiku la kiliniki lisaphonyedwe, kabuku kakuchipatala kasungidwe m'pepala la pulasitiki, ndipo mankhwala akatsala a sabata imodzi yambani kukonza ulendo. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga apitirize. Asipirini musagule nokha pagolosale. Amathandiza amene mtsempha unatsekeka, koma kwa amene unaphulika amawonjezera kukha magazi, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Ngati mapiritsi akuvuta kumeza funsani musanasinje, chifukwa ena, monga nifedipine wogwira pang'onopang'ono, sasinjidwa. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, imeneyo ndi supuni imodzi ya tiyi yosadzaza, kuwerengera zakudya zonse. Soda wa m'therere, timakyubu tokometsera ndiwo ndi nsomba zamchere zili m'gulu lomwelo. Musawaphikire kamphika kawokawo kozizira inu mukudya zokoma, sachedwa kukana. Banja lonse lichepetse.

Mukaona pakamwa papotokanso, mkono wagwa, mawu asokonekera, ngakhale zitasiya pakapita mphindi 10, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Musawamwetse kanthu panjira, ndipo pakabaza wanjinga yamoto pakhale munthu wowagwira kumbuyo.

Ndimalize ndi inu abale. M'mabanja ambiri ntchito yonseyi imagwera munthu mmodzi, mwana wamkazi amene ali pamudzi, mpongozi, kapena mdzukulu amene amamusiyitsa sukulu. Munthu mmodzi sangatembenuze wodwala usiku wonse, m'mawa n'kukalima, kutunga madzi ndi kuchapa. Amatopa, amayamba kukalipa, ndiye abale obwera Lamlungu ndi shuga wa paketi imodzi n'kumati sakusamala bwino. Khalani pansi ndi mwini mbumba, mulembe papepala: usiku wa Lolemba agona nawo ndani, wotunga madzi ndani, woperekeza kukiliniki ndani. Amene ali ku tauni kapena ku Joni anene ndalama yokhazikika ya pamwezi, ya sopo, mayendedwe ndi ufa wa phala, izibwera pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lodziwika, osati kudikira kuimbiridwa kuti zavuta. Nkhani yosambitsa ikambidwe poyera. Mwana wamwamuna amachita manyazi kusambitsa mayi ake, mpongozi sangavule apongozi ake aamuna, ndiye pezani munthu woyenera, ndipo odwalawo afunsidwe amene akumufuna. Posambitsa tsekani chitseko, muziwafunditsa chitenje n'kumatsegula pokhapo mukutsuka. Ndalama zawo, munda wawo, mbuzi zawo zisagulitsidwe iwo osafunsidwa, ngakhale kuyankha kwawo kukhale kogwedeza mutu.

Za mafizo funsani pachipatala cha boma, kapena alangizi athu azaumoyo akulozereni. Ku Blantyre kulinso Kachere, kumene amaphunzitsa anthu otere kuyendanso. Popita, apite nawo munthu amene amawasamalira tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi iye akaphunzire ndi manja ake. Tsopano amene muli ndi wodwala pakhomo tsalani, mphasa ili pomwepa, mubwere awiriawiri aliyense ayese kutembenuza mnzake ndi chitenje tisanabalalike.