Mwala wobiriwira wa ku Kangankunde: kodi rare earths n'chiyani?

(Pakanema: dzanja lagwira foni)

Moni nonse. Foni imene mukuonerapo vidiyoyi ikamalira kapena kunjenjemera, mkati mwake mumakhala kamaginito kakugwira ntchito. M'kamaginitoko muli chitsulo chotchedwa neodymium, chimodzi mwa zitsulo 17 zimene akatswiri amazitcha rare earths. Chitsulo chomwechi chimafunika m'mamota a galimoto zamagetsi ndi m'makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mwala wake ulipo konkuno, ku Balaka.

Dzina lachingerezilo limanama. Limamveka ngati zitsulozi n'zosowa, chonsecho cerium, chimodzi mwa izo, n'chochuluka m'nthaka pafupifupi ngati mkuwa. Vuto lake n'lakuti n'zomwazikana ngati mchere wa m'ndiwo: ulimo ndithu, koma tautolani tione. Mbiri ya zitsulozi inayambira ku Ytterby, kamudzi ka ku Sweden, kumene Carl Axel Arrhenius, msilikali wokonda za miyala, anatola mwala wakuda wolemera modabwitsa mu 1787, umene pambuyo pake munapezeka zitsulo zoterezi. Kamudzi kameneka kanapereka dzina ku zitsulo zinayi: yttrium, ytterbium, terbium ndi erbium.

Ndiye funso lenileni ndi ili: n'kuti kumene chilengedwe chinasonkhanitsa mcherewu pamodzi?

(Pakanema: chojambula cha chiphalaphala chikukwera kuchokera pansi pa nthaka)

Pansi penipeni pa dziko, miyala imasungunuka n'kukhala chiphalaphala. Chikamazizira, miyala yoyamba kuuma imazikana zitsulozi chifukwa sizikwana bwino m'kapangidwe kake. Zimangotsalira m'madzimadzi otsalawo, n'kumachulukana, monga mchere umatsalira pansi pa mphika madzi akamaphwa. Chiphalaphala chimene chimanyamula zitsulozi kwambiri ndi chamtundu wachilendo, chofanana ndi mwala wa laimu. Chikauma chimakhala mwala wotchedwa carbonatite. Padziko lonse, phiri limodzi lokha ndi limene likulavulabe chiphalaphala chotere: Ol Doinyo Lengai ku Tanzania. Chimatuluka chakuda, koma pakapita masiku ochepa chimayera mbuu.

Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, zoterezi zinkachitika kummwera kwa Malawi. Akatswiri a miyala amatchula dera lonselo kuti Chilwa Alkaline Province, potengera nyanja ya Chilwa. Mapiri ophulikawo anakokoloka kalekale, chimene chinatsala ndi zitsa zake: Kangankunde ku Balaka, Songwe ndi Tundulu ku Phalombe, komanso chilumba cha Chilwa. Munthu wodutsa amangoona phiri la mitengo ndi udzu, osadziwa kuti akuyang'ana mmero wa phiri lamoto.

Ku Kangankunde zitsulozi zili m'mwala wotchedwa monazite, umene kumeneko umaoneka wobiriwira. Monazite wa m'madera ambiri amakhala ndi thorium wochuluka, amene amatulutsa cheza choopsa, ndipo kumusunga ndi kumunyamula ndi mutu waukulu. Wa ku Kangankunde ali ndi thorium wochepa kwambiri, n'chifukwa chake makampani amamulondalonda. Phirili linadziwika kuyambira nthawi ya atsamunda, koma kwa zaka zambiri nkhani ya umwini wa chiphaso chokumbira miyalayi inali m'makhoti. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inagwirizana zogula ntchito ya mgodi pa phirili pa madola a ku America 30 miliyoni, ndipo itaboola phirilo inalengeza kuti muli matani 261 miliyoni a mwala wokhala ndi rare earths woposa pang'ono 2 peresenti. Ku Songwe kuli kampani ya Mkango Resources, imene inasainirana mgwirizano wa mgodi ndi boma mu 2024.

(Pakanema: mapu a dziko lonse)

Migodi ikuluikulu ya kunja nayonso ili pa miyala ya mtundu womwewu: Bayan Obo ku China, Mountain Pass ku California, Mount Weld ku Australia. Zitsulo zina zolemerapo, monga dysprosium, zimachokera makamaka m'dongo la kummwera kwa China ndi ku Myanmar.

Tsono apa mpamene pagona nkhani. Kukumba si kovuta kwenikweni. Zitsulozi zimafanana ngati mapasa, moti kuzilekanitsa kumafuna asidi, madzi ambiri, magetsi osazimazima, ndi kusefa kobwerezabwereza kambirimbiri. China imakumba pafupifupi 70 peresenti ya rare earths onse, koma imayenga pafupifupi 90 peresenti. Mphamvu yake ili pa kuyengako. Ine ndikamamva anthu akuwerengera matani a ku Balaka ngati ndalama zili kale m'thumba, ndimafuna ndifunse kaye kuti mwalawo ukayengedwera kuti. Pa za Songwe yankho lilipo kale: Mkango ikufuna kumanga fakitale yolekanitsira zitsulozi ku Puławy, m'dziko la Poland.