Kalonga wopanda mpando: nkhani ya msilikali Alexander wa ku Teck

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo, achinyamata kumbuyoko sunthirani pafupi chifukwa ine sinditha kukuwa. Lero tikamba za msilikali wina wa ku Mangalande dzina lake Alexander, amene mabuku ambiri amamutchula kuti Earl of Athlone. Amene munafikako ku Cape Town dzinali si lachilendo, kuli dera lonse lotchedwa Athlone ndi bwalo la mpira lomwe, nde dzinalo analitengera kwa mkulu ameneyu. Munthuyu sanakhalepo mfumu olo tsiku limodzi, koma ntchito zikuluzikulu zimene anagwira moyo wake wonse zinkamupeza chifukwa cha magazi, ndipo magazi omwewo ndi amene anamubweretseranso misozi.

Tiyambe ndi kumene anachokera chifukwa mukasokonezeka apa ndiye kuti nkhani yonse yakudutsani. Anabadwa pa 14 April 1874 ku Kensington Palace mumzinda wa London, chitsirizira mwa ana anayi. Mayi ake, Mary Adelaide, anali mdzukulu wa Mfumu George III, ndiye kuti bambo a mayiwa ndi bambo a Mfumukazi Victoria anali a bere limodzi. Kuchikazi zinthu zinali bwino kwabasi. Vuto linali kuchimuna. Agogo ake aamuna anali kalonga wa banja lachifumu la Württemberg ku Jeremani, koma anakakwatira mkazi wachi Hungary dzina lake Claudine Rhédey, mayi wolemekezeka ndithu wa banja lodziwika, kungoti silinali banja lolamula dziko. Malamulo akumeneko ankati ukakwatira choncho ukwati ndi ukwati inde, koma ana ako pampando asayandikirepo. Kwathu kwa Achewa tikanangofunsa kuti mayi ake ndani, mwana wa mlongo ndiye wolowa ufumu basi nkhani yatha, koma kumeneko ankawerenga kuchimuna komanso ankafuna kuti mayi naye akhale wamsinkhu womwewo. Nde bambo ake a Alexander, a Francis, anangopatsidwa dzina laulemu loti Duke of Teck, dzina lokoma m'makutu koma lopanda dziko komanso lopanda ndalama zenizeni.

Ndalama ndiye zinawavuta zedi. Boma linkapatsa mayi aja mapaundi 5,000 pachaka, ndalama zambiritu nthawi imeneyo, koma mayiwa anali a dzanja lotambasuka, maphwando, zovala, kuthandiza osauka, mpaka ngongole zinafika m'khosi. Mu 1883 banja lonse linasamuka kupita ku Florence ku Italy kuti likapumeko kwa angongole komanso kumeneko moyo unali wotchipirako, Alexander ali ndi zaka 9, anabwerako mu 1885. Eee, a banja lachifumu kuthawa ngongole, musaseke, zinachitika.

Chimene chinawadzutsa ndi mwana wamkazi. Mlongo wake wamkulu, Mary, anatomeredwa ndi mdzukulu wa Victoria, Albert Victor, amene ankayembekezeka kudzakhala mfumu, mnyamatayo n'kumwalira mu January 1892 ukwati usanachitike, chaka chotsatira Mary anakwatiwa ndi mng'ono wake wa malemuyo, George. George ameneyu ndi amene anadzakhala Mfumu George V mu 1910. Nde muone, Alexander anasanduka mlamu wa mfumu, kenako malume a mafumu awiri, Edward VIII ndi George VI amene ndi bambo ake a Mfumukazi Elizabeth II.

Mwana wamwamuna wa banja lotere wopanda munda wopanda chuma, njira yake inali imodzi, usilikali. Anaphunzira ku Eton, kenako ku Sandhurst kusukulu ya maofesala, mu 1894 n'kulowa gulu la asilikali okwera pa akavalo lotchedwa 7th Hussars. Nkhondo yake yoyamba anakaiona kuno kumwera kwa Africa, ku Matabeleland mu 1896, ali ndi zaka 22.

Apa ndiime pang'ono chifukwa mabuku a kwawo amangolemba mzere umodzi kuti anatumikira bwino ndipo dzina lake linatchulidwa m'malipoti a akuluakulu a nkhondo, basi n'kupitirira. Koma kodi inali nkhondo yanji? Amandebele, abale awo a Angoni athuwa paja onse anachoka kumwera m'nthawi ya Shaka, anali atagonjetsedwa mu 1893 ndi kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Malo anawalanda, ng'ombe anawalanda, amuna ankakakamizidwa kukagwira ntchito, kenako kunabwera dzombe ndi chilala, pamwamba pake mliri wa ng'ombe umene unapululutsa makola, ndipo azungu ankawombera ngakhale ng'ombe zamoyo pofuna kuletsa matendawo kufala. Munthu woweta akuona ng'ombe yake yabwinobwino ikugwa ndi chipolopolo, mukuganiza mumtima mwake munali chani? Apolisi ambiri a kampani anali atachoka ndi Jameson, mnzake wa Rhodes, kukaputa Mabunu ku Transvaal n'kugwidwa konko, nde mu March 1896 Amandebele anaona kuti mpata ndi umenewu, anaukira, mu June Ashona nawonso anadzuka. Ndi imene a ku Zimbabwe amaitcha Chimurenga yoyamba. Asilikali a Britain anabwera kudzathandiza kampaniyo, anali ndi mfuti za Maxim zija zolavula zipolopolo ngati matalala, midzi inatenthedwa, nkhokwe zinatenthedwa, ku Mashonaland anthu obisala m'mapanga ankawaphulitsira ndi dainamaiti, ndipo mu 1898 Nehanda ndi Kaguvi, atsogoleri a zamizimu a Ashona, ananyongedwa. Ine sindikunena kuti Alexander ndi dzanja lake anachita chakutichakuti ayi, koma ntchito imene gulu lake linatumidwa inali yothetsa kuukira kwa anthu amene ankamenyera malo awo, ndipo ulemu wake woyamba wa usilikali unachokera pamenepo. Zimenezi tizizinena pamodzi, osatola chimodzi n'kusiya chinzake.

Nkhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902 anamenyanso, analandira mendulo ya DSO imene amapatsa maofesala ochita bwino kunkhondo. Imeneyo tiidutse.

Pa 10 February 1904 anakwatira Alice ku Windsor, mdzukulu weniweni wa Victoria, bambo ake anali Leopold mwana wa mfumukaziyo. Magazi achifumu kuwirikiza. Koma Leopold anali ndi matenda a hemofiliya, matenda oti ukavulala magazi sagwirana msanga, ungathe kutaya magazi mkati mwa thupi kunja osaoneka kanthu. Matendawa mayi amatha kungowanyamula iye osadwala, n'kupatsira mwana wamwamuna. Alice anawanyamula kuchokera kwa bambo ake. Anabereka ana atatu, May mu 1906, Rupert mu 1907 ndi Maurice mu 1910 amene anamwalira ali khanda. Rupert anabadwa ndi matenda aja. Musaiwale dzina limeneli.

Mu 1914 anali atasankhidwa kale kuti akakhale bwanamkubwa ku Canada koma nkhondo yaikulu itayamba anapempha kuti amusiye apite kunkhondo, ndipo zaka zambiri anagwira ntchito m'gulu la maofesala a Britain amene ankalumikizana ndi asilikali a dziko la Belgium, mpaka anafika pa udindo wa brigediya. Tsono taganizani chisokonezo chake. Iyeyo akumenyana ndi Ajeremani koma dzina lake ndi Kalonga wa ku Teck, dzina lachijeremani. Mlongo wake wa mkazi wake, Charles Edward, wobadwira ku Mangalande konko, anali wolamulira dera la Saxe-Coburg and Gotha ndipo anali mbali ya Jeremani, pambuyo pake anadzalowanso chipani cha Hitler. Mu June 1917 ndege za Ajeremani zotchedwa Gotha zinaponya mabomba mu London n'kupha anthu, ana asukulu omwe, pamene banja la mfumu nalo dzina lake linali lomwelo la Saxe-Coburg and Gotha. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti kodi amenewa ali mbali iti. Pa 17 July 1917 George V analengeza kuti banja lake lizitchedwa Windsor, ndipo achibale onse okhala mu Britain anauzidwa kuti ataye maina aulemu achijeremani. A Battenberg anakhala a Mountbatten, a Teck anatenga dzina la kuchikazi loti Cambridge. Alexander ali ndi zaka 43 anasiya kukhala kalonga, anamupatsa udindo wotsikirapo wa Earl of Athlone, Athlone-yo ndi tauni ya ku Ireland.

Tsopano gawo limene likutikhudza kwambiri. Mu January 1924 anafika ku South Africa ngati bwanamkubwa woimira mfumu. Anapeza Jan Smuts ali nduna yaikulu, patangopita miyezi yochepa Smuts analuza chisankho n'kulowa Hertzog, Mbunu amene sankafuna kumva za ulamuliro wa London. Azungu okhaokha anakangana koopsa pa nkhani ya mbendera, Mabunu akufuna yatsopano, Angerezi akukakamira yawo, ndipo Athlone amamuyamikira kuti anathandiza kuziziritsa mitima mpaka mbendera yatsopano inakwezedwa pa 31 May 1928, yakale n'kumaulukabe pambali pake. Azungu a mbali zonse ankamukonda, anali munthu waulemu wosadzikweza, zimenezo ndi zoona.

Koma m'zaka zomwezo nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la 1926 losungira azungu ntchito zaluso m'migodi, ndi lina la 1927 lotchedwa Native Administration Act. Lamulo limeneli linanena kuti bwanamkubwa ndiye mfumu yaikulu ya anthu akuda onse a ku Natal, Transvaal ndi Orange Free State, ali ndi mphamvu yolonga mfumu, kuichotsa, ngakhale kusamutsa munthu kapena mudzi wonse popanda kupita kukhoti. Mwamva? Munthu amene kwawo kwa agogo ake anamukaniza mpando, ku Mangalande anamulanda ukalonga, pepala linamupanga mfumu ya Azulu ndi Abesuthu amene sanamulonge. Ena amati iye analibe chochita, bwanamkubwa amangosayina zimene nduna zagwirizana, makamaka chitachitika chigwirizano cha 1926 chonena kuti iye akuimira mfumu osati boma la Britain. Ndi zoona, mphamvuzo ankazigwiritsa ntchito ndi a Hertzog. Komabe ine ndimati ntchito yake inali imeneyo, kuti zinthu zoipa zizioneka zaulemu chifukwa pansi pali dzina la mlamu wa mfumu. Ndipo amene ankalimbana ndi malamulo amenewa nthawi imeneyo mmodzi anali mwana wa kwathu, Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000.

Ali konko mu April 1928 uthenga unafika woti Rupert wachita ngozi ya galimoto ku France. Chifukwa cha matenda aja magazi sanasiye kutuluka m'mutu, patapita masiku anamwalira ali ndi zaka 20, makolo ali kutali, nthawi imeneyo ulendo unali wa sitima ya pamadzi wa masabata.

Anachoka ku South Africa nthawi yake itatha kumapeto kwa 1930, kuyambira 1932 mpaka 1955 anali chansala wa University of London. Canada ija anaisiya mu 1914 inamupezabe mu 1940, ali ndi zaka 66, anawoloka nyanja ya Atlantic nkhondo yachiwiri ili mkati sitima zapansi pamadzi za Ajeremani zikusaka. Ndi iye amene analandira Churchill wa Britain ndi Roosevelt wa America ku Quebec mu 1943 ndi 1944 pamene ankakonza mapulani a nkhondo, iye pazokambiranazo sanali wodula mawu, anali mwini nyumba. Anabwerera kwawo mu 1946, anamwalira pa 16 January 1957 ku Kensington Palace ndipo anaikidwa ku Frogmore pafupi ndi Windsor. Poti sanasiye mwana wamwamuna udindo wa Earl of Athlone unathera pa iye. Mayi Alice anakhalabe mpaka 1981, anamwalira ndi zaka 97, womaliza mwa adzukulu onse a Victoria.

A tcheyamani ndaona mwayang'ana wotchi kawiri, amene ali ndi mafunso akweze mkono, tiyambe ndi amayi.