Kota ya anthu: mmene America inawerengera othawa nkhondo

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino, tiyeni tiyambe.

Alimi a fodya muli panonu mawu oti kota si achilendo kwa inu. Amakulembera makilogalamu akutiakuti, ukapyola pamenepo, fodya wotsalayo uona wekha kochita naye. Lero ndabwera ndi kota ina, yowerengera anthu. Nkhani yake ndi ya ku America, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ija agogo athu ankaitchula kuti nkhondo ya Hitler.

M'chaka cha 1924 aphungu a ku America anapanga lamulo logawira dziko lililonse chiwerengero cha anthu ololedwa kukakhala kumeneko pa chaka. Kuyambira 1929 magawo ake anali motere: Britain 65,721, Germany 25,957, Poland 6,524, Italy 5,802, Greece 307 basi. Anthu a ku Asia pafupifupi onse anawatsekera khomo. Munthu akamva manambala amaganiza kuti ndi masamu chabe, masamu sakondera. Koma amene anawerengawo ankadziwa chimene akufuna. Ankafuna Angerezi ndi Ajeremani, sankafuna Ayuda, Ataliyana ndi anthu a kum'mawa kwa Ulaya. Mayina a mitundu yosafunikayo sanawalembe m'lamulomo, nambala ndiyo inkagwira ntchitoyo.

Mu May 1939 sitima yapamadzi yotchedwa St. Louis inanyamuka ku Hamburg ndi anthu 937, pafupifupi onse Ayuda othawa Hitler. Ku Cuba anangotsitsa ochepa. Sitimayo inadutsa pafupi ndi Florida moti anthu ankaona magetsi a mumzinda wa Miami, koma yankho linali loti kota ya Germany yadzaza, adikire pamzere. Anabwerera ku Ulaya, ndipo mwa anthuwo 254 anadzaphedwa ndi chipani cha Hitler chotchedwa Nazi.

Nkhondo itatha mu 1945, anthu mamiliyoni ambiri anabwerera kwawo, koma pafupifupi 1 miliyoni anatsalira m'makampu a ku Germany, Austria ndi Italy. Ena kwawo kunali kutalandidwa ndi Soviet Union, ankaopa kuti akangofika amangidwa. Ayuda ambiri analibenso kwawo: abale anaphedwa, nyumba munalowa anthu ena. Pulezidenti Harry Truman anatuma Earl Harrison kuti akaone makampuwo. Iye anakapeza Ayuda adakali mkati mwa mipanda ya waya waminga, ena atavalabe zovala za kundende za Nazi. Pa 22 December 1945 Truman analamula kuti othawa nkhondowo azikhala oyamba pa kota ya dziko lawo. Koma taganizani, anthu a ku Poland odzaza makampu, khomo lake la anthu 6,524 pa chaka. Akanatha liti?

Aphungu anakokanakokana mpaka June 1948, pamene anavomereza lamulo lolandira anthu 200,000 pa zaka ziwiri. Apa ndiye mutchere khutu, chifukwa nkhani yonse yagona pa timfundo ting'onoting'ono timene anatilowetsamo.

Choyamba chinali deti. Anati woyenera ndi yekhayo amene anafika ku Germany, Austria kapena Italy pofika 22 December 1945. Deti n'losalakwa, si choncho? Tsono imvani. Mwa Ayuda a ku Poland amene anapulumuka nkhondo, ambiri anapulumuka chifukwa anathawira ku Soviet Union. Anabwerera ku Poland mu 1946, n'kupeza kuti chidani sichinathe. Mu July chaka chomwecho, mu tauni ya Kielce, gulu la anthu linapha Ayuda 42, nkhondo itatha kale. Zitatero Ayuda zikwizikwi anathawira ku makampu a ku Germany, onsewo deti lija litadutsa. Ndiye kuti anthu amene anazunzika kuposa onse ndi amene anatsala panja, popanda wina kulemba kuti "Myuda asalowe".

Anawonjezanso kuti pa malo 100 alionse, 30 apite kwa alimi, ndipo 40 kwa ochokera m'madera amene dziko lina linalanda, makamaka Estonia, Latvia ndi Lithuania. Ayuda ambiri anali atelala, amalonda, anthu a m'tauni, khasu sankalidziwa. Truman anasaina lamulolo modandaula, ndipo ananena poyera kuti likusala Ayuda ndi Akatolika.

Chimene chimandiseketsa ine, ngakhale si nkhani yoseketsa, ndi ngongole. Aphunguwo sanafune kuti kota yawo iwoneke ngati yaphwanyidwa. Ndiye anati munthu aliyense wolowa tsopano timuchotsera pa kota ya dziko lake ya zaka za m'tsogolo, mpaka theka la chaka chilichonse. Amayi a banki mkhonde, mwaimva imeneyo? Ndi kudyeratu chimanga cha chaka chamawa chisanadzalidwe. Latvia, imene gawo lake silinkafika ngakhale anthu 300 pa chaka, inapezeka ndi ngongole yofika chaka cha 2274. Ngakhale wa katapila sangakulembere zotero.

Ndisakhale ngati ndikungonyoza. Mu 1950 anakonza lamulolo, deti lija analisuntha, za alimi zija anazichotsa, ndipo pofika 1952 anthu pafupifupi 400,000 anali atalowa. Aliyense ankafunika womuimira, womupezera ntchito ndi pogona, ndipo ntchito imeneyi mipingo ndi mabungwe a Ayuda anaigwira mwamphamvu. Ngongole ija inakhululukidwa mu 1957, kota yosankha mitundu inathetsedwa mu 1965.

Akuluakulu muli panowa mukukumbukira nkhondo ya Renamo ndi Frelimo. Anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anawolokera kuno, ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu, Dedza. Kunalibe wogwira kaundula pamalire wonena kuti chaka chino takwana. Zinatheka mwa zina chifukwa ambiri anali abale athu enieni, Asena, Alomwe, Angoni, chilankhulo chimodzi, ndiponso malire athu m'madera ena ndi msewu chabe, si nyanja yamchere. Mitengo inatha, minda inachepa, tinadandaula ndithu. Atasainirana mtendere ku Rome mu October 1992, ambiri anabwerera kwawo. Amene ali ku Dzaleka ku Dowa lero nkhani yawo ndi ina. Ambiri ndi a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo ena akudikira kuti mayiko a kutali awatenge. Mayikowo mpaka lero chaka ndi chaka amalengeza nambala ya anthu amene alandire, ndipo kuli ana amene anabadwira mu kampu ija makolo awo ali pamzere womwewo.

Ndaona agogo uko akweza dzanja kalekale. Tiyeni agogo, funsani, kenaka timwe madzi.